Mtima Ukasokoneza Kagundidwe Kake

Omvera ayerekeze amayi aŵiri a m'boma la Ntcheu. Woyamba ndi mayi wa zaka 25 wa ku Tsangano. Tsiku lina ali m'munda kukumba mbatatesi, aŵerama kuti atole khasu, ndipo mwadzidzidzi mtima wake uyamba kugunda mothamanga kwambiri. Amva chizungulire, thukuta lili kamukamu, iye n'kukhala pansi poganiza kuti imfa yafika. Patapita kanthaŵi mtima ubwerera mwakale, mwadzidzidzinso monga momwe udayambira. Maŵa lake abale apita naye kuchipatala, koma achipatala pomuyesa apeza kuti zonse zili bwino. Kumudzi ena ayamba kunong'ona kuti n'zamaganizo chabe, enanso akuti pali dzanja la munthu.

Wachiŵiri ndi mayi wa zaka 40 wa ku chigwa cha Bwanje. Iyeyu sadandaula kwambiri. Angoti masiku ano akutopa msanga, ndipo akakwera kamtunda ndi ndowa ya madzi pamutu amachita befu. Palibe amene ada naye nkhaŵa. Koma m'maŵa wina adzuka mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zitafa, kukamwa kutapotoka, mawu osamveka.

Vuto la amayi aŵiriŵa lachokera malo amodzi, ndiwo zipinda zam'mwamba za mtima. Chodabwitsa n'chakuti nthenda imene idaopsa mudzi wonse ija siipha kaŵirikaŵiri, pamene imene idabwera mwakachetechete ndiyo yolumaza ndi kupha. Kafukufuku wa zaka zoposa 100 wathandiza madokotala kusiyanitsa nthenda ziŵirizi, ndipo wasonyezanso kuti zida zamphamvu zolimbanira nazo si zodula monga ambiri amaganizira.

Mmene mtima umagundira

Mtima wa munthu uli ndi zipinda zinayi, ziŵiri zam'mwamba ndi ziŵiri zam'munsi. Zam'mwamba zimalandira magazi, zam'munsi zimawapopa kuti apite ku mapapo ndi ku thupi lonse. Pakati pa zipindazi pali zitseko zimene zimalola magazi kupita kutsogolo kokha. Zipinda zimenezi zimagwira ntchito mosinthana, ngati amayi aŵiri osinja mu mtondo umodzi: wina akatula munsi, mnzake ndiye akukweza wake. Mtima wa munthu wamkulu amene wakhala phee umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi, ndipo pa tsiku umagunda pafupifupi ka 100,000.

Chimene chimalamula kagundidwe kameneka ndi kamphamvu ka magetsi kamene mtima umapanga wokha. M'chaka cha 1906 dokotala wa ku Japan, Sunao Tawara, akugwira ntchito ku Marburg m'dziko la Germany, adalongosola kamfundo kamene kali pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, kamene kali ngati chipata chodzera magetsiwo. Chaka chotsatira, mu 1907, Arthur Keith ndi Martin Flack a ku England adalengeza za kamfundo kena m'chipinda cham'mwamba chakumanja, pamene magetsiwo amayambira. Iwo adayamba kukaona mu mtima wa kanyama kokumba pansi konga mfuko. Kamfundo ka m'mwambaka ndiko kamatsogolera, ndipo mtima wonse umatsatira.

Omvera asasokoneze nkhani imeneyi ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene ambiri amaitcha BP. BP ndi mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha, ndipo imayesedwa ndi lamba wa pamkono. Pano nkhani ndi ya liŵiro ndi dongosolo la kugunda kwa mtimawo. Komabe BP yosasamalidwa kwa zaka zambiri imatha kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Makina olemba za mtima

Munthu amene adatsekula njira yoonera magetsi a mu mtima ndi Willem Einthoven wa ku Leiden, m'dziko la Netherlands. Pofika 1903 iye adali ndi makina olemba kagundidwe ka mtima pa pepala. Makinawo adali olemera pafupifupi makilogalamu 270, ndipo wodwala ankaviika manja ndi phazi m'ndowa za madzi amchere. Mu 1924 Einthoven adalandira mphotho ya Nobel kaamba ka ntchito imeneyi. Makina ameneŵa ndiwo ECG, ndipo a masiku ano munthu mmodzi amatha kuwanyamula m'manja.

Koma ECG imalemba zokhazo zimene mtima ukuchita pa nthaŵi yoyesayo. N'chifukwa chake mayi wa ku Tsangano uja adapezeka wopanda vuto: adafika kuchipatala mtima utabwerera kale mwakale. Pofuna kuthana ndi zimenezi, Norman Holter wa ku America adakonza kamakina kamene munthu amayenda nako tsiku lathunthu kakulemba, ndipo kadayamba kugulitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kumene kamakina kotere kulibe, nzeru ndi yakuti wodwala afike kuchipatala mtima ukadali kuthamanga, kapena wina aŵerenge kugunda kwa mtsempha pa nthaŵi yomweyo ndi kulemba pa pepala. Chiŵerengero chimenecho ndi umboni waukulu kwa dokotala.

Nthenda yoopsa maso

Nthenda ya mayi woyamba uja madokotala amaitcha supraventricular tachycardia, mwachidule SVT, kutanthauza kuthamanga kwa mtima koyambira pamwamba pa zipinda zam'munsi. Anthu otere amakhala ndi kanjira koonjezera ka magetsi mu mtima. Nthaŵi zina magetsi amatsika ndi njira ina n'kukwera ndi inzake, motero amangozungulira osaima, ndipo mtima umagunda ka 150 mpaka ka 250 pa mphindi. Mu 1930 madokotala atatu, Louis Wolff, John Parkinson ndi Paul Dudley White, adalemba za odwala 11, ambiri a iwo achinyamata athanzi, amene mtima unkawathamanga chotere. Mtundu umodzi wa nthendayi umadziŵika ndi maina awo mpaka lero.

Zizindikiro zake ndi zitatu: imayamba mwadzidzidzi, mtima umagunda mofulumira koma mwadongosolo, ndipo imathanso mwadzidzidzi. Zimenezi n'zosiyana ndi kuthamanga kwa mtima kobwera ndi malungo, kuchepa kwa magazi, kutha madzi m'thupi, mantha kapena chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso. Pa zimenezo mtima umakwera pang'onopang'ono ndi kutsikanso pang'onopang'ono, ndipo chofunika kuchiza ndi gwero lakelo.

Kuyambira kale madokotala ankadziŵa kuti munthu akadzikanga mwamphamvu atatseka mpweya, mtsempha wina wochokera ku ubongo umachedwetsa magetsi pa chipata chija, ndipo kuzungulira kuja kumatha kuduka. Njirayi ili ndi dzina la Antonio Valsalva wa ku Italy, amene adailongosola mu 1704 polemba za khutu. Vuto lidali lakuti inkathandiza anthu ochepa. Tsono mu 2015 Andrew Appelboam ndi anzake adafalitsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa REVERT, amene adachitika m'zipatala 10 za ku England pa odwala 433. Theka la odwalawo lidapemerera mwamphamvu kwa masekondi 15 lili chikhalire. Theka lina lidachitanso chimodzimodzi, koma litangomaliza lidagonekedwa chagada, namwino n'kukweza miyendo m'mwamba kwa masekondi ena 15. Pa njira yakale mtima udabwerera mwakale mwa anthu 17 pa 100 alionse. Pa njira yatsopanoyi udabwerera mwa anthu 43 pa 100 alionse.

Chida chokwanira pa ntchitoyi ndi sirinji ya mamililita 10 yopanda singano, imene wodwala amapemerera mpaka chokankhira chake chitayamba kusuntha. Sirinji yotere imapezeka ngakhale pa chipatala chaching'ono chakumudzi. Komabe njirayi ndi ya munthu amene achipatala adampeza kale ndi SVT ndipo adamphunzitsa. Munthu asayese kufinya mitsempha ya m'khosi kapena kupanikiza maso, pakuti zimenezo n'zangozi. Ngati mtima sukubwerera, kapena ngati pali kuŵaŵa kwa pachifuwa, kubanika kapena kukomoka, wodwala athamangire naye kuchipatala.

Kuchipatalako kuli mankhwala obaya mu mtsempha, monga adenosine amene mphamvu yake imatha m'masekondi oŵerengeka, ndiponso verapamil. Kwa amene nthendayi imawabwerera kaŵirikaŵiri pali mapiritsi ochedwetsa mtima. Kuchokera m'zaka za m'ma 1980 madokotala amathanso kuloŵetsa kawaya mu mtsempha wa m'ntchafu mpaka mu mtima ndi kuotcha kanjira koonjezera kaja, ndipo oposa 90 pa 100 alionse amachiriratu. Chithandizo chimenechi chimafuna makina odula ndi akatswiri apadera, ndipo mu Africa chimapezeka m'zipatala zochepa za m'mizinda ikuluikulu monga Cape Town, Johannesburg ndi Cairo.

Nthenda yobisala

Nthenda ya mayi wachiŵiri uja ndi atrial fibrillation, mwachidule AF. Apa kamfundo kotsogolera kaja kamalandidwa udindo. Magetsi amabuka malo ambirimbiri nthaŵi imodzi, ndipo zipinda zam'mwamba zimaleka kupopa, n'kumangonjenjemera. Zili ngati amayi khumi aunjirira mtondo umodzi, aliyense n'kumatula munsi pamene wafunira. Munthu akagwira mtsempha amamva kugunda kopanda dongosolo: kuŵiri kofulumira, kenaka kachete, kenaka kumodzi kwamphamvu, kenaka kutatu kofooka.

Ngozi yaikulu ili pa magazi. Madzi oyenda sachita ndere, koma odikha amachita. Chimodzimodzinso magazi akadikha m'chipinda chimene sichikupopa bwino amaundana. Kachidutswa ka magazi oundanawo kakachoka, kamatha kukatseka mtsempha wa mu ubongo, ndipo munthu amadwala sitiroko, kufa kwa ziŵalo kuja. Kafukufuku wa mu mzinda wa Framingham ku America, amene adayamba mu 1948, adalengeza mu 1978 kuti AF imachulukitsa ngozi ya sitiroko kasanu, ndipo ngati munthuyo alinso ndi zitseko za mtima zoonongeka ndi nthenda ya rheumatic fever, ngoziyo imachuluka ka 17.

Gwero lake ku Malaŵi

Ku Ulaya ndi ku America AF ndi nthenda ya okalamba. Ku Malaŵi ndi maiko oyandikana nawo imagwiranso anthu a zaka 20, 30 kapena 40, ndipo kaŵirikaŵiri gwero lake ndi zilonda zapakhosi za paubwana. Pali kachilombo kotchedwa streptococcus kamene kamayambitsa zilonda zapakhosi, makamaka mwa ana a zaka 5 mpaka 15, ndipo kamafala msanga pamene anthu agona mothithikana. Mwana akapanda kulandira mankhwala, mwa ana ena thupi polimbana ndi kachilomboko limayamba kudziononga lokha. Patapita milungu iŵiri kapena itatu mwana amatentha thupi, mawondo ndi akakolo n'kutupa mosinthanasinthana. Imeneyi ndiyo rheumatic fever. Mawondo amachira, koma zitseko za mtima zimatsala ndi zipsera. Nthendayi ikabwereza, zipsera zimaonjezeka. Chitseko cha kumanzere chikachepa mpata, chipinda cham'mwamba chimafufuma ndi magazi, ndipo patapita zaka AF imayamba.

Amy Sanyahumbi ndi anzake adaunika mitima ya ana 1,450 a zaka 5 mpaka 16 m'boma la Lilongwe, ndipo mu 2016 adalengeza kuti ana oposa atatu pa 100 alionse adali ndi zizindikiro zoyamba za kuonongeka kwa zitseko, chonsecho anawo ankaoneka athanzi. Kafukufuku wina wamkulu, wotchedwa REMEDY, adatsogoleredwa ndi Bongani Mayosi ndi Liesl Zühlke a ku University of Cape Town. Pakati pa 2010 ndi 2012 iwo adalemba odwala 3,343 m'zipatala 25 za maiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Malaŵi, Zambia ndi Mozambique, pamodzi ndi India ndi Yemen. Theka la odwalawo lidali losapyola zaka 28, ndipo aŵiri mwa atatu alionse adali akazi. Pafupifupi 22 pa 100 alionse adali kale ndi AF. Patapita zaka ziŵiri, pafupifupi 17 pa 100 alionse adali atamwalira.

Akuluakulu adati m'mera m'poyamba. Mankhwala a penisilini operekedwa pa zilonda zapakhosi amatchinga rheumatic fever, ndipo kwa amene adadwala kale, jakisoni wa benzathine penisilini pa milungu inayi iliyonse amateteza kuti isabwereze. Kafukufuku wotchedwa GOAL, wochitika ku Gulu m'dziko la Uganda ndi kulengezedwa mu 2021, adatsata kwa zaka ziŵiri ana pafupifupi 800 amene adali ndi zizindikiro zoyamba. Mwa ana osabayidwa, nthenda idakula mwa 8 pa 100 alionse. Mwa obayidwa mwezi ndi mwezi, idakula mwa ochepera mmodzi pa 100 alionse.

Mankhwala ochokera ku khola la ng'ombe

Munthu amene ali kale ndi AF amafuna zinthu ziŵiri. Choyamba ndi mankhwala ochedwetsa mtima, monga atenolol kapena digoxin. Digoxin amachokera ku duŵa lotchedwa foxglove, limene William Withering wa ku England adalemba za mphamvu yake mu 1785. Chachiŵiri, ndipo chachikulu, ndi mankhwala oletsa magazi kuundana.

Aŵeti a ng'ombe a ku Ntcheu angakonde kumva mbiri ya mankhwala ameneŵa. M'zaka za m'ma 1920 ng'ombe za ku Canada ndi kumpoto kwa America zinkafa ndi kutaya magazi zikadya udzu wouma umene udachita nkhungu. Mu 1933 mlimi wina adafika kwa katswiri Karl Paul Link ku Wisconsin atanyamula chigubu cha magazi a ng'ombe amene sankaundana. Link ndi ophunzira ake adapeza chimene chinkachititsa zimenezi, ndipo kuchokera pamenepo adapanga warfarin. Mu 1948 adayamba kugulitsidwa monga mankhwala ophera makoswe, ndipo mu 1954 adaloledwa kuperekedwa kwa anthu pa muyeso wochepa woyesedwa bwino.

Warfarin ndi wotsika mtengo koma ndi wovuta kusamala. Akachepa sateteza, akachuluka munthu amataya magazi. N'chifukwa chake womwa ayenera kuyesedwa magazi kaŵirikaŵiri, muyeso umene umatchedwa INR. Kafukufuku wa REMEDY uja adapeza kuti mwa odwala amene adayesedwa, osafika 30 pa 100 alionse ndiwo adali pa muyeso woyenera. Kaamba ka ichi ambiri adayembekeza kuti mankhwala atsopano osafuna kuyesa magazi, monga rivaroxaban, adzathetsa vutoli.

Kafukufuku wotchedwa INVICTUS adayesa maganizo ameneŵa pa odwala oposa 4,500 a AF yochokera ku zitseko zoonongeka, m'maiko 24, ndipo Malaŵi adali m'gulumo. Odwalawo adatsatidwa kwa zaka pafupifupi zitatu, ndipo zotsatira zidalengezedwa mu 2022. Zidadabwitsa ofufuza eni ake. Mwa omwa mankhwala atsopano, anthu 560 adamwalira kapena adagwidwa ndi sitiroko ndi mavuto ena onga ameneŵa. Mwa omwa warfarin ndi mankhwala a mtundu wake adali 446. Ena mwa akatswiri akuganiza kuti kupita kuchipatala mwezi ndi mwezi kukayesa magazi, kumene kunkaoneka ngati chipsinjo, kudathandizako, pakuti wodwala ankaonana ndi achipatala kaŵirikaŵiri. Motero kwa munthu wa AF amene chitseko chake chakumanzere chidachepa mpata kaamba ka rheumatic fever, warfarin ndiye mankhwala oyenera mpaka lero.

Womwa warfarin akumbukire zinthu izi. Bactrim amaonjeza mphamvu ya warfarin, pamene rifampicin wa chifuwa chachikulu amaichepetsa, choncho auze wachipatala aliyense kuti akumwa mankhwalaŵa. Asamwe aspirin, brufen kapena mankhwala azitsamba popanda kufunsa. Ndiwo zamasamba monga mpiru, nkhwani ndi bonongwe asazileke, koma azidya mofanana masiku onse. Moŵa aupewe. Mayi wofuna kutenga pakati ayambe wakambirana ndi dokotala, pakuti warfarin amatha kuvulaza mwana m'mimba. Akaona magazi m'mkodzo, chimbudzi chakuda bii kapena kamfuno kosaleka, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Zala ziŵiri pa mkono

Boma la Ntcheu, limene pa kalembera wa 2018 lidali ndi anthu pafupifupi 660,000, lili pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, kumene kuli zipatala zazikulu za Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth. Ulendo wa kumeneko ndi wodula kwa mlimi wa ku Kasinje kapena ku Sharpevalle. Pofuna kufupikitsa mtunda wotere, mu 2018 boma loyandikana nalo la Neno lidatsekula makiliniki a PEN-Plus pa zipatala za Neno ndi Lisungwi, kumene anamwino ndi madokotala othandizira adaphunzitsidwa kuunika mtima ndi kuyesa INR. Mu 2022 nduna za zaumoyo za maiko a mu Africa, pa msonkhano wa World Health Organization ku Lomé m'dziko la Togo, zidavomereza kuti njira imeneyi ifalikire.

Koma ntchito yoyamba ili pakhomo. Munthu akhale pansi apumule, kenaka aike zala ziŵiri, chamkombaphala ndi chapakati, pa mkono m'munsi mwa chala chachikulu, ndi kuŵerenga kugunda kwa mphindi yathunthu. Aone zinthu ziŵiri: kuchuluka kwake, ndi dongosolo lake. Ngati kugunda kwapyola 100 munthu ali phee ndipo sakutentha thupi, kapena ngati kulibe dongosolo, apite kuchipatala akapemphe kuti amuyese mtima, ngakhale sakumva kuŵaŵa kulikonse. Akanene nthaŵi imene vutolo lidayamba, mmene lidayambira ndi mmene lidathera, ndiponso ngati adadwalapo kutupa kwa mawondo ali mwana.

Mayi wa ku Tsangano uja akadaŵerengedwa mtsempha m'munda momwemo, achipatala akadadziŵa poyambira, ndipo iye akadaphunzira kuti nthenda yake ili ndi dzina ndi chithandizo. Mayi wa ku Bwanje akadagwiridwa mkono pamene adayamba kuchita befu, akadayamba warfarin sitiroko isanafike. Ndipo akadalandira penisilini ali mwana wa sukulu, mwina zitseko za mtima wake zikadakhala zamphumphu. Makolo ndi aphunzitsi asapeputse mwana wodandaula pakhosi ndi kutentha thupi. Apite naye kuchipatala, ndipo mankhwala akapatsidwa amwe mpaka atatha onse.